Nsomba Imene Achemwali Sanadye

Chaka chimene mwana wathu woyamba anabadwa, ine ndinkaphunzitsa sayansi pasekondale ina yoyendera paboma la Mchinji, ndipo ndinali munthu wodzimva. Sindikubisa ayi. Taye ndinkamanga ngakhale Loweruka. Tinali titangolowa kumene m'zipani zambiri, aliyense pakamwa patatseguka, ndiye ine panga panatseguka kuposa pa anzanga onse.

Nyumba yathu inali yogundizana khoma ndi ya mkulu wina wogwira ntchito kuchipatala. Sanali dokotala weniweni wa madigiri, koma tonse tinkangoti adokotala. Anali munthu wofatsa, wochokera kumpoto, ndipo banja lawo linatsalira kwawo komweko. Anaphunzirako ku Dar es Salaam, ndiye pobwerako anabwera ndi matenda oweta nsomba m'nyumba. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi, kukula kwake ngati sutikesi yaikulu. Pansi pake panali mchenga woyera ndi miyala yobookabooka, komanso kapampu kamagetsi kotulutsa tinthovu osapuma. Madzi ake anali amchere, ngati a kunyanja yaikulu. Mcherewo sunali wothira m'ndiwo, ankachita kuwabweretsera madalaivala a mathiraki odutsa paboda. M'thanki monsemo munali nsomba imodzi yokha, chifukwa zinzake zinafera m'njira.

Koma nsomba yake, abale inu! Kutalika ngati supuni ya tiyi, thupi lobiriwira, kumaso mizeremizere yofiira ngati wachita kujambula ndi bolopeni, kakamwa kosongoka. Adokotala ankati dzina lake ndi rasi. Ine ndinakulira kwa Kapondo, nsomba zimene ndinkazidziwa ndi matemba ndi milamba ya m'dambo basi. Ndikalowa kwa adokotala ndinkaiwala ndi moni womwe, maso ali pagalasi.

Masiku amenewo mawekishopu anali atangoyamba kuchuluka, ndipo adokotala anaitanidwa ku Blantyre kwa masabata atatu. Anandiitana, nandipatsa kiyi, nandionetsa kabotolo ka chakudya cha nsombayo ndi muyezo wake. Atanyamula chikwama anaimanso pakhomo.

"Koma pali chinthu chimodzi, aphunzitsi. Nsomba imeneyi ikachita mantha..."

"Adokotala," ndinawadula, "zamoyo ndimaphunzitsa ndine. Pitani bwino."

Anaseka pang'ono n'kunyamuka. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Sabata yomweyo mkazi wanga anachira, mwana wamkazi. Apongozi anga anali kutali ku Mulanje, komanso ankadwala miyendo, ndiye amene anabwera kudzatithandiza ndi achemwali anga a kwa Kapondo. Ndiwo oyamba kubadwa m'banja mwathu. Amayi athu anamwalira ine ndili sitandade thu, ndipo amene anandilera, kundisambitsa, kundithamangitsa ndi kamtengo kuti ndipite kusukulu, ndi achemwaliwa. Iwo sukulu anailekera panjira. Anatsika matola ndi thumba la ufa pamutu, nsinjiro m'kachitini, ndipo pofika madzulo khitchini inali italowa m'manja mwawo. Anali munthu wa nthabwala, ndipo paboma ponse ndi iwo okha amene ankanditchula kuti iwe, ngakhale pamaso pa ana asukulu.

Mwana atatuluka m'chikuta, anthu anayamba kubwera kudzamuona, wina ndi sopo, wina ndi kalichero ka ufa. Apa ndi pamene satana wa matama anandilowa. Ndinati m'mtima mwanga, nsomba yokongola chonchi izingokhala m'nyumba yokiya, anthu onsewa akubwera kwanga? Ndinatunga theka la madzi aja kuthira m'ndowa, ndinaitana mphunzitsi mnzanga, tinanyamula thanki ija kudutsa nayo pakhonde mpaka pabalaza panga. Madzi ankatayikira m'mapazi, mchenga unavunduka, nsomba ikuthamangira uku ndi uku.

"Adokotala anavomera zimenezi?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndikufuna ndiziyiyang'anira pafupi," ndinatero, ndikudziwa kuti ndikunama.

Achemwali anabwera, manja m'chiuno, nasuzumira m'galasimo.

"Iwe, kansomba kamodzi komweka mpaka kukayatsira magetsi? Kwathu kakanalawa kale tomato ndi anyezi!"

Tonse tinaseka, ine ndemwe ndinaseka kwambiri.

Masiku atatu otsatira pabalaza panga panasanduka malo a chionetsero. Munthu ankanyamula mwana pang'ono, kuyamikira tsitsi lake, basi maso kuthanki. Ine ndinkaima pambali ndi rula ngati ndili m'kalasi, kufotokoza za nyanja imene sindinaionepo. Nsomba ikabisala kuseri kwa miyala ndinkagogoda galasi ndi kiyi kuti ituluke, ikakana ndinkaiwalitsa ndi tochi. Ana ankamenya galasi ndi zikhatho, akuluakulu kuweramira pamwamba, kuseka, kuloza. Wamalonda wina wa ku Chipata anachita kubetcha kuti ndi ya pulasitiki mpaka ndinaithamangitsa ndi rula m'madzimo kuti akhulupirire. Tsiku lachiwiri nsomba inasiya kudya. Kubiriwira kuja kunayamba kutuwa, inkapuma mofulumira, ndipo nthawi zina inkathamanga n'kudzigunditsa pagalasi. Anthu akafunsa ndinkati ikusewera.

Lachinayi ndi tsiku la amayi a kumpingo, ndipo anapangana zodzaona mwana. Ndikuweruka kusukulu masana ndinamva nyimbo ndili panja. Nditalowa ndinapeza amayi atadzaza pamkeka, mkazi wanga ali pakati ndi mwana, koma thanki ili yophimbidwa ndi chitenje cha chipani, chija chokhala ndi nkhope ya munthu amene sanapambane n'komwe. Zinandinyansa. Anthu onsewa abwera, wina n'kuphimba chinthu choti aone? Nditapereka moni ndinasolola chitenje chija n'kuchiponya pansi.

"Amayi, taonani zodabwitsa za Mulungu."

Amayi anadzuka kusuzumira. M'thanki munali madzi, miyala, mchenga ndi tinthovu. Nsomba munalibe.

Ndinagogoda, zii. Ndinapinda malaya, kulowetsa dzanja, kunyamula miyala umodziumodzi, osapeza kanthu. Ndinagwada kuyang'ana pansi pa tebulo ndi kuseri kwa sofa kuti mwina yadumpha. Mutu unaima. Ndinaona nkhope ya adokotala, munthu amene anasamala kanthu kameneka kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo ine ndakasowetsa m'nyumba imene sanandiuze kuti ndikapititseko. Nditagwada choncho, mphuno yanga inamva fungo lochokera kukhitchini. Linali fungo la nsomba.

"Waphimba apa ndani?"

"Ndine," anayankha achemwali, ataima pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja. "Kakhala kakudzimenyetsa pagalasi kuyambira m'mawa. Ndinati mwina kakaona mdima kakhazikika, ngati mmene timachitira ndi nkhuku yachilendo."

"Nanga kali kuti?"

"Kali momwemo, kangapite kuti?"

Anabwera kudzaona, ndipo anadabwa zenizeni, mpaka anagwira pakamwa. Koma munthu ukapsa mtima, maso amaona zimene mtima wagamula kale. Ine ndinaona ngati akuchita sewero.

"Ndiwo zanu lero n'chiyani?"

"Matemba. Ndagula kwa wanjinga."

"Bweretsani poto."

"Abambo, chonde," anatero mkazi wanga motsitsa mawu. "Pali alendo."

Sindinamve. Ndinapita ndekha kukhitchini, ndinaphula poto uja, kubwera naye pabalaza, kumukhazika patebulo pamaso pa amayi onse aja, n'kuvundukula. Ndinatenga supuni n'kuyamba kutembenuza nsomba imodziimodzi, kufunafuna yobiriwira. Mphunzitsi wa sayansi, taye ili m'khosi, kuvundula ndiwo za mlongo wake ngati wapolisi wa paboda akusecha katundu! Nsomba ikapsa mu tomato zonse zimafanana. Ndinatola imodzi yokulirapo n'kuikweza m'mwamba.

"Si imeneyi? Munanena nokha kuti kakanalawa tomato. Mukuona ngati pano ndi kwa Kapondo, kumene chilichonse choyenda ndi ndiwo? N'chifukwa chake anthu akumudzi sitikulowetsani m'nyumba zabwino. Mwandichititsa manyazi!"

Mawu amenewo ndinanena ndine. Ndakhala ndikuyesa kuwakumbukira mofewerako, koma amakana, amabwera mmene ndinawanenera.

Mayi wina wachikulire, amene ankatsogolera nyimbo, anati, "Aphunzitsi, ameneyutu ndi mlongo wanu." Achemwali sanalire, sanakuwe, sanalumbire. Anawerama, natola chitenje chawo, nachipinda bwinobwino. Kenako anavindikira poto wawo n'kubwerera naye kukhitchini. Patapita kanthawi anabwera ndi madzi osamba m'manja, nagwada, nawapatsa alendo chakudya monga mwa mwambo. Amayi aja anangotsina pang'onopang'ono n'kutsanzika.

M'mawa mwake achemwali anasambitsa mwana, anachapa matewera onse n'kuyanika, anaphikira mlamu wawo phala, kenako anamanga kamtolo kawo. Mkazi wanga anawagwira dzanja akulira, iwo anati mtedza wakhwima kumunda, ukachedwa umera. Ine ndinali pakhonde ndikupukuta nsapato, ndidakatupa.

"Tsalani bwino, aphunzitsi," anatero podutsa.

Sindinawaperekeze ngakhale kufika pamsewu.

Tsiku lomwelo ndinafuna kutaya madzi aja kuti ndibweze thanki yopanda kanthu kwa eniake. Mkazi wanga anakana kwamtuwagalu. Anati ndisiye zonse mmene zilili, pampu izigwirabe ntchito, adokotala adzaone okha. Kupatula apo sankandilankhula zambiri. Alendo nawo anasiya kubwera, kaya chifukwa nsomba kunalibe, kaya ankaopa kuti nawonso ndiwasecha. Nkhani inafalikira paboma ponse, ndipo kusukulu anzanga akandifunsa ndinkaifotokoza mokomera ine, ndikupukusa mutu kuti abale akumudzi ndi ovuta. M'nyumba munakhala phee kwa masiku asanu. Ine ndinkangoloweza mawu okawauza adokotala, ndipo m'mawu onsewo wolakwa anali achemwali.

Lachitatu m'mawa ndikumanga taye kuchipinda, mkazi wanga akuyamwitsa pabalaza, ndinamva akundiitana monong'ona.

"Abambo, tabwerani. Pang'onopang'ono."

Analoza ndi chibwano pakona ya thanki. Mchenga unkagwedera. Kanatuluka kakamwa kosongoka, kenako diso, likuyang'ana uku ndi uku. Kenako nsomba yonse inadzisolola, kudzikutumula mchenga, yowonda, yotuwa, koma yamoyo. Ine ndinakuwa n'kuthamangira pagalasi. Nsomba itangoona chithunzi changa inazondoka, mutu pansi, n'kulowanso mumchenga muja ine ndikuona. Pamwamba panatsala posalala ngati sipanalowe kanthu.

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Ndiye m'poto muja munkafunamo chiyani?" anafunsa mkazi wanga, osandiyang'ana n'komwe.

Tsiku limenelo sindinaphunzitse. Ndinalemba manotsi pabolodi kuti ana azikopera, ine n'kukhala kumbuyo kwa kalasi.

Adokotala atabwera anapeza pabalaza pawo pali mbee, thanki ili kwanga. Nkhope inagwa, koma ulemu wawo sanausiye. Ndinawauza nkhaniyo modumphadumpha, kuti nsomba inasowa masiku angapo kenako inatulukira mumchenga.

"Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani tsiku lija," anatero. "Mtundu umenewu umagona mumchenga, ndipo ukachita mantha umadzikwirira. Kuisuntha, phokoso, kugogoda galasi, anthu kuunjikana, zonsezo imadana nazo. Ikhoza kukhala pansi sabata yathunthu osatuluka, ndipo mukaikumba ndiye mwaipha ndi mantha. Mankhwala ake ndi kuisiya, kuchepetsa kuwala, ngakhale kuphimba thanki ndi nsalu."

"Tinaphimba," ndinatero.

"Munachita bwino kwambiri. Mwina ndi chimene chinaipulumutsa."

Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinagwedeza mutu kulandira kuyamikirako. Mkazi wanga ndi amene analephera kupirira.

"Anaphimba ndi alamu anga," anatero. Ndipo anafotokoza zonse, za rula, za tochi, za poto, osasiyako ngakhale liwu limodzi.

Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti, "Nsomba ndiye ili moyo, aphunzitsi. Inu pitani kwa Kapondo."

Loweruka ndinagula tambala, kumumangirira pakaliyala, n'kupalasa njinga. Njira yonse ndinkakonza mawu, koma aliwonse amene ndinkakonza ankamveka ngati ndikudziikira kumbuyo. Achemwali ndinawapeza kumunda, atakhala pansi pambali pa mulu wa mtedza, akuthothola. Ndinatsamiritsa njinga pachitsa, ndinanjuta patsogolo pawo n'kunena zonse, kuti nsomba inali mumchenga, kuti iwo ndi amene anachita zanzeru, kuti ndinalakwa, andikhululukire. Manja awo sanasiye kuthothola.

"Kanatuluka?"

"Kanatuluka."

"Kakudya?"

"Kayamba kudya."

"Chabwino. Kanandimvetsa chisoni, mmene munkakazunzira muja."

Anaponya mtedza m'dengu. Kenako anandiyang'ana.

"Kupepesa kwanu ndakumva. Koma poto wanga munavundukulira pamaso pa amayi onse aja. Nanga pano akumva ndani? Mtedzawu?"

Ndinalonjeza kuti Lamulungu likubwerali ndikaima pamaso pa amayi aja n'kuwauza zoona. Anati zili kwa ine. Tambala uja anamupha, tinadya limodzi, anandifunsa za mwana, nandimangira kathumba ka mtedza ka mlamu wawo. Pobwerera ndinkaimba likhweru panjinga, ndikuona ngati mlandu watha.

Lamulungu lija mapemphero atatha, amayi anasonkhana kumbali kwa tchalitchi monga ankachitira. Ndinapita, mawu ali pamlomo. Mayi wachikulire uja anandipatsa moni nafunsa za mwana, ena onse atatembenuka kundiyang'ana. Ndinati mwana ali bwino. Ndinatinso kwayamba kuzizira chaka chino. Kenako ndinatsanzika. M'mtima ndinati sabata yamawa, sabata yamawa ija n'kukhala mwezi, mwezi n'kukhala chaka. Chimene chinandimanga pakamwa si china ayi, ndinkaopa kusekedwa. Ndinalola kuti mlongo wanga akhale wakuba kusiyana ndi kuti ine ndikhale chitsiru.

Mkazi wanga anayesetsa kuuza amayi ena mmodzimmodzi, koma nkhani yoti nsomba inabisala mumchenga sinkakoma ngati ya mayi wakumudzi amene anakazinga nsomba ya adokotala. Imeneyo ndi imene inayenda. Patapita zaka ndinaimva m'minibasi yochokera ku Lilongwe, akuikamba munthu wosandidziwa. M'nkhani yakeyo nsomba inali itakula kufika pa mkono, ndipo ankati mayiyo anaidya yekha kuseri kwa bafa. Anthu anaseka mpaka kondakitala anapukuta misozi. Ine ndinali pampando wachiwiri, ndipo ndinangoyang'ana pawindo.

Ndi achemwali tinkaonanabe kumaliro ndi kumaukwati, tinkacheza, nthawi zina n'kuseka. Koma paboma sankabwera. Anadzabwera patapita zaka zisanu ndi zitatu, maso atayamba kuwavuta, ndipo anafikira kwathu chifukwa kunalibe kwina. Adokotala anali atasamutsidwa kalekale ndi thanki yawo, ana athu anali atatu. Ndinasangalala, ndinawagulira nyama, ndinawapatsa chipinda cha ana.

M'mawa mwake ine ndinkapita kusukulu, ana nawonso, mkazi wanga kumsika. Kuchipatala anawauza kuti apite masana. Tikukonzeka kutuluka, ndinaona achemwali atanyamula kamtolo kawo ndi mkeka, akukayala panja pansi pa mtengo wa mango. Unali mwezi wa Juni, mphepo yake yolowa m'mafupa.

"Alamu, khalani m'nyumba," anatero mkazi wanga. "Kunjaku kukuzizira. Tiyi ali m'fulasiki, wailesi iyo, ine sindichedwa."

"Ayi, ndikhala pano. Inu kiyani."

"Achemwali," ndinatero, "nyumba ino ndi yanu. Chonde lowani."

"Kiyani, achimwene. Kuti chikasowa kanthu musavutike ndi kuganiza."

Sananene mokwiya. Ananena mofatsa, ngati munthu amene akukuthandiza kuti usaiwale ambulera. Ndinawachonderera kachiwiri, kachitatu, ana akundiyang'ana modabwa chifukwa nkhaniyi sankaidziwa. Iwo anangotambasula miyendo pamkeka, kamtolo kali pamiyendo, n'kumadikira.

Belu la kusukulu linali litalira kale. Ndinakoka chitseko n'kukiya, iwo akutchera khutu kuti amve loko akulira, ndipo kiyi ndinaika m'thumba.